Tikapezana ku Thyolo

Fane, bwereza zimene wamuuza mlongo wakozi. Wati chiyani? "Tikapezana ku Limbe." Basi, mawu athera pomwepo? Limbe yense uja, ndi mabasi ake ndi chinamtindi cha anthu, iwe ungoti tikapezana ku Limbe ngati ukunena kuseri kwa nkhokwe? Khalani pansi nonse. Yohane, siya njingayo, sithawa. Kokerani kuno lichero la nandololo, manja azisenda makutu ali kwa ine. Mawu ngati amenewo anatsala pang'ono kundimanitsa agogo anu aamuna, ndipo zikanatero inu nonse simukanakhalapo kuti muzindithera nthochi.

Ine sindinabadwire m'dziko lino. Ndinalowa muno ndili kumbuyo kwa mayi anga, ndikuyamwa. Kwathu kunali kutsidya, m'dziko la Apwitikizi limene lero mukuti Mozambique. Bambo anga anagwidwa kukagwira ntchito yokakamiza ndipo sanabwerenso. Mayi anatsala ndi ine ndi mlongo wawo wamkulu, atsibweni anga a Muhala. Awiriwa anapangana zothawa monga ankachitira Alomwe ambiri masiku amenewo. Anayenda mpaka kufika pafupi ndi mtsinje wa Ruo, koma akazi a atsibweni anali ndi pakati potopa, ndipo anatsalira m'mudzi wina m'mbuyo. Atsibweni anaona gulu la anthu likukonzeka kuwoloka, nati kwa mayi, "Nampewa, tsogola ndi mwanayo. Ine ndikatenge mlamu wako. Tikapezana ku Thyolo."

Mwamva? Ndi mawu ako omwe aja, Fane, dzina lokha ndi limene lasintha. Tsono onse awiri Thyolo anali asanamuonepo. Ankangomva kwa anthu obwerera kuti ku Thyolo kuli nthaka yofiira, mvula yosasowa, ndi azungu olemba ntchito. M'mitu mwawo Thyolo unali mudzi, wa bwalo limodzi ndi chitsime chimodzi, woti ukafika ungofunsa kuti mlendo wadzulo uja wagona nyumba iti.

Mayi anawoloka, nayamba kukwera zitunda. Aliyense wokumana naye ankamufunsa kuti ku Thyolo nkuti, ndipo aliyense ankaloza phiri. Iwo analondola phirilo mpaka anafika patsinde pake, ananditsitsa, nati tafika. Kuyambira tsiku limenelo anakana kusuntha.

Inu a sukulu mukuseka chifukwa aphunzitsi anakujambulirani mapu. Mukudziwa kuti dzina limodzili lili pa zinthu zitatu: phiri ndi Thyolo, pa boma pamene pamakhala akuluakulu ndi pa Thyolo, ndiponso dziko lonseli ndi mafumu ake onse ndi Thyolo. Mayi anga anawauza ndani zimenezo? Ndipo musandiuze zija ananena Yohane tsiku lina, zoti dzinali linachokera pa kuthyola tiyi. Bodza. Phiri linali ndi dzina lake tiyi asanabwere. Azungu okha ndi amene lilime linkawakanika, ankati Cholo, ife nkumatsinana kumbuyo kwa kapitawo.

Ndinakulira pa esiteti patsinde pa phiri. Malo anali a mzungu, ndipo kuti umangepo nyumba unkagwira thangata, ndiye kuti ntchito yolipirira pamene wakhalapo. Sindikunamizani kuti zinali zokoma, ayi. Thangata ankabwera nthawi yomwe munda wako ukufuna khasu. Koma ana saona zonse. Ine chimene ndikukumbukira ndi nkhalango. Mitengo inali yoti amuna atatu agwirane manja osaizungulira, anyani akutukwana m'mwamba, timitsinje tozizira toti ukamwa mano amachita kuwawa. Ndili wamng'ono m'minda ya mzungu munali fodya ndi khofi. Tiyi anadza ndikuona, pang'onopang'ono, mpaka zitunda zonse zinasanduka zobiriwira chaka chonse. Pamene mawere ankamera ndinali nditaberekera kale dengu kumbuyo, ndikuthyola masamba awiri ndi kansonga, masamba awiri ndi kansonga, mvula ili pamsana, tikuimba nyimbo zonyoza kapitawo m'Chilomwe iye nkumavomera osadziwa.

Anthu ankabwerabe kuchokera kutsidya. Chaka chilichonse kunkamera nyumba zatsopano kumene dzana kunali tchire. Eni dziko, Amang'anja, ankatiyang'ana nkumati, anthu awa akutuluka pansi kodi? Ankatiseka kuti timadya kalongonda, nyemba zija zofuna kuphika tsiku lonse nkumataya madzi kuti zisakuledzeretse. Ife tinkawaseka kuti amaopa chakudya. Koma njala ikabwera ankafika okha pakhomo ndi kambale, maso ali kumbali. Alendo atsopano akafika, mayi ankasiya chilichonse nkuthamangira kukafunsa za a Muhala, koma palibe amene anawaona.

Nyengo yozizira ikafika kunkagwa chiperoni, kamvula kowazawaza kaja kobwera ndi nkhungu. Anthu onse ankadandaula, mayi okha ankatuluka panja nkumati, "Mvula yakwathu iyi, yatilondola. Achimwene nawonso afika." Amuna angapo anawafuna ukwati, poti anali mkazi wamtali wooneka bwino, wa mpata m'mano. Onse ankawayankha chimodzimodzi, kuti akafunse kwa alongo awo. Akafunsa kuti alongowo ali kuti, ankati akubwera.

Tsono kunabwera agogo anu a Lufeyo. Musawaone pa chithunzi chija ali ndi dazi. Anali mnyamata wa mapewa, Mmang'anja, wocheka matabwa m'phiri opangira mabokosi a tiyi. Tsiku lililonse ankatsika ndi thabwa pamutu kudzera mzere umene ine ndikuthyola, chonsecho njira yachidule inali kwina. Tsiku lina anandilonjera m'Chilomwe, "Moseliwa," ndiwo moni wa m'mawa, dzuwa lili pafupi kulowa. Anzanga anagwa nazo ndi phwete. Ine ndinawamvera chisoni, ndipo chisonicho ndi chimene chinabala bambo anu.

Anatuma atsibweni awo, a Chikopa, kudzafunsira mbeta. A Chikopa anali munthu wa mwambo, wolankhula mosathamanga. Anakhala pamphasa, analonjera, nafunsa kuti mwini mbumba ali kuti. Pajatu kwathu kuno mwana wamkazi samufunsira kwa mayi ake kapena kwa bambo ake, amamufunsira kwa atsibweni ake, ndipo iwowo ndiwo amakhala ankhoswe, oweruza banja likagwedezeka.

"Akubwera," anatero mayi.

"Chabwino. Afika liti?"

"Ali m'njira."

"Ananyamuka liti, mayi?"

Mayi anandiloza ine, mtsikana wathunthu nditagwada pakhomo. "Uyu ali kumbuyo."

A Chikopa anatsokomola nthawi yaitali ndithu. Kenaka anati, "Mayi, mwana wanu tamukonda. Koma ukwati wopanda nkhoswe, mawa akakangana ine ndidzapita kwa yani? Tidikira mpaka mvula yoyamba. Ikagwa mwini mbumba asanaoneke, musadzatide. Kumudzi kwathu kuli mtsikana amene makolo ake atifunsa kale."

Ndinalira, ana inu. Ndinalira mpaka maso anatupa ngati andiluma njuchi. Alomwe anzathu ambiri anali ndi vuto lomweli, poti abale anabalalika pothawa, ndipo ankangobwereka atsibweni. Unkapeza mkulu wina wa mtundu wako, nkumuphikira mowa, iye nkukaima ngati mwini mbumba. Ndinawapempha mayi kuti tichite zomwezo. Anandiyang'ana ngati ndatukwana. "Wobwereka atsibweni ndi amene ake anafa. Ako ali moyo."

Lamulungu lina titatuluka m'tchalitchi, a Lufeyo anati ndikaone kumene amagwira ntchito. Ndinatenga mnzanga, musaganize zina. Tinakwera mpaka pamalo pamene anagwetsa mitengo, poyera, ndipo kunja kunali kowala bwino tsiku limenelo. Ine ndinakulira patsinde pa phiri koma pamwamba ndinali ndisanafikepo. Ndinangoti kakasi. Dziko linali litayalidwa pansi pathu, zitunda pamwamba pa zitunda, utsi wa midzi uli apa ndi apo mpaka kumene maso amalephera.

A Lufeyo anayamba kudzionetsa, monga amachitira amuna. Analoza kotulukira dzuwa, chiphiri chachikulu chija. "Uko ndi ku Mulanje, boma lina. Malire athu ndi iwo ndi mtsinje wa Thuchila." Analoza kumpoto. "Uko ukapitirira kwa Bvumbwe walowa Blantyre, ndipo kaphiri kosongoka ako ndi ka Chiradzulu." Ananditembenuza kuti ndione kolowera dzuwa, kumene dziko limagwa pansi ngati lathyoka. "Kumunsi uko ndi kuchigwa, ku Chikwawa, kumene kunachokera agogo anga. Kotentha koti dzira lingapse pamchenga. Kummwera ndi Ruo, kumene munawolokera." Ndinafunsa kuti nanga nyanja ili kuti, poti ndinkamva anthu akuitchula. Anaseka nati ife tilibe, tazunguliridwa ndi mitunda ya eni ake mbali zonse. Nzoona, ine mpaka kukula ndinkayesa usipa umabadwa wouma.

"Nanga zonse zili pakatizi," ndinafunsa, "dzina lake nchiyani?"

"Zonsezi ndi Thyolo."

"Kutali uko kukufuka utsiko?"

"Thyolo yemweyo."

Ndinakhala pachitsa. Ndinati, a Lufeyo, munthu akawoloka mtsinje uko kumalire nkufunsa kuti kuno nkuti, amuuza chiyani? Anati amuuza kuti walowa mu Thyolo. Ndinatsika phiri lija ndikuthamanga, mnzanga akundikuwira m'mbuyo.

Mayi sanafune kumva. Anati Thyolo ndi phiri, aliyense analoza phiri. Ndinati nanga ngati achimwene anu anawalozera china? Patapita masiku awiri anavomera kuti tikawafune. Chimene chinkawaopsa nchakuti tikachoka, a Muhala afika tsiku lomwelo napeza nyumba yotseka. Tinachita kupempha mayi wina woyandikana nafe kuti azikhala pakhonde pathu, ndipo mayi anamulongosolera nkhope ya atsibweni kuyambira tsitsi mpaka zala za kumapazi. Inali nyengo yozizira, tiyi ataleka kuphuka, ndiye kapitawo sanavute. Tinamanga chinangwa chophika ndi mbatata m'kansalu, ulendo.

Tinayambira pa boma, mayi atamva kuti naponso ndi pa Thyolo. Panali nyumba zochepa za njerwa ndi mbendera. Tinapeza mesenjala wina wachifundo atakhala padzuwa, ndipo mayi anamufunsa ngati akudziwa Mlomwe wina dzina lake Muhala. Bamboyo anaseka mpaka chisoti chinagwa. "Mayi, Alomwe m'dziko muno ndi ochuluka kuposa masamba a tiyi. Ali kwa mfumu iti?" Mayi anati sakudziwa. Iye anatifotokozera bwinobwino kuti dzikoli linagawidwa. Pali mafumu aakulu, aliyense ndi dera lake, ndipo pansi pawo pali mafumu a midzi, ndiye pakatipakati pali maesiteti kumene mawu ndi a mzungu. Anati munthu sapezeka ndi dzina lake lokha, amapezeka ndi dzina la mfumu yake. Anatilangiza kuti tiyende dera ndi dera, ndipo tiyambe kwa Bvumbwe poti pamsewu wa ku Limbe pamadutsa anthu ambiri.

Inu mukakwera basi, kwa Bvumbwe mumafika chimanga chootcha chisanazizire. Ife tinayenda wapansi, kugona m'midzi ya anthu osawadziwa. Masiku amenewo mlendo sankagona ndi njala. Unkangoti odi, nkupatsidwa madzi, mafunso pambuyo. Ndipo ndinene zoona, ulendo umenewu unandikomera. Ndinali ndisanaonepo kuti m'dziko limodzi muli anthu osiyana chonchi. Kwa Bvumbwe tinapeza Angoni a ndolo zazikulu m'makutu, odzitama ndi ng'ombe zawo. Pamsewu panali Ayao ogulitsa nsalu ndi mikanda, okoma pakamwa. Amayi ankakhala m'mbali mwa njira ndi madengu a ndiwo zamasamba monga achitira lero, kungoti panalibe magalimoto oti awathire fumbi. Mayi anga, amene zaka zonsezo sanachoke patsinde pa phiri, ankangoti, "Kunonso ndi ku Thyolo? Anthu awa saopa Mulungu, dzina limodzi kulitambasula chonchi."

Kwa Bvumbwe komweko tinamupeza Muhala. Anthu anatilondolera kwa bambo wina wamfupi, wamimba, wa diso limodzi lofiira. Mayi atangomuona anati si ameneyu. Bamboyo atamva nkhani yathu anati palibe vuto, dzina ndi lomwelo, mtundu ndi womwewo, iye akhoza kukaima pamaso pa a Chikopa bola pakhale mowa ndi nkhuku. Ine mtima unadumpha. Ndinawakoka mayi pambali nkuwanong'oneza kuti amayi, Mulungu watipatsa, dzina ndi lomwelo, sitinama kwenikweni. Anandiyankha kuti, "Achimwene anga ndi aatali." Ananyamula katundu, ine ndikutsatira m'mbuyo ndikudzuma.

Tinakhotera kotulukira dzuwa. Dziko linayamba kusintha, zitunda zikuchepa, nthaka ikuda, minda ya anthu eni ake ya chimanga ndi nandolo m'malo mwa minda ya mzungu. Chiperoni chinali chitatha, kunja kunayamba kutentha, ndipo masana ena ndinaona timitambo tikusonkhana pamwamba pa phiri la Mulanje. Mayi anaona kumene ndikuyang'ana ndipo anawonjezera liwiro.

Tinafika kumene lero mukuti pa Goliati tsiku la msika. Sunali msika ngati wa lero, anali anthu chabe pansi pa mitengo. Tinafunsa za Muhala mpaka kukhosi kuuma, koma dzinalo palibe analidziwa. Titatopa tinakhala pafupi ndi mayi wina wogulitsa kalongonda, Mlomwe mnzathu. Mayi analawa nyemba imodzi nayamba kumudzudzula kuti wataya madzi kochepa. Mukuwadziwa anthu akwathu, ubwenzi umayamba ndi kunyozana. Posakhalitsa anali akuseka limodzi, ndipo mayi anamuuza zonse.

Mayi uja anasiya chikho. "Muhala sindimudziwa. Koma inu mukufanana nzeru ndi a Mwamuonako."

Tinafunsa kuti ameneyo ndani.

"Mkulu wina wa kwa mfumu Chimaliro, kumunsi padooko la Thuchila. Amathandiza anthu kuwoloka. Dzina lake lenileni anthu analiiwala, chifukwa aliyense wodutsa amamufunsa kuti mwamuonako mlongo wanga. Ana amachita kumuyeseza. Mfumu inamupatsa munda wabwino kumtunda, anakana, ati akachoka padooko mlongo wake adutsa osamuona."

Mayi anaimirira, kusiya mbatata zathu pomwepo, ine ndinachita kubwerera kukatola.

Tinafika padooko m'mawa mwake dzuwa litakwera. Madzi anali ochepa, ana akusambira. Pansi pa mtengo panakhala bambo wamtali wa imvi, akuluka mono wogwirira nsomba. Anamva mapazi athu, ndipo osadzutsa mutu anayamba mawu ake amene anawanena mpaka anasalala.

"Takulandirani, alendo. Kumene mwachokerako, mwamuonako mkazi wamtali, wa mpata m'mano, wobereka mwana wamkazi kumbuyo?"

Mayi anatula katundu pansi pang'onopang'ono. Anati, "Mpata uja unakula, achimwene, mano ena anachoka. Ndipo mwanayo anatsika kalekale."

Mono unagwa. Atsibweni anadzutsa mutu, anayang'ana mayi. Ine ndinkayesa akumbatirana, kapena agwa pansi ndi kulira. Ayi ndithu. Mawu oyamba amene anatuluka anali akuti, "Nampewa, unali kuti?"

"Ku Thyolo, kumene munanena."

"Ku Thyolo ndi kuno. Ndinawoloka mtsinje uwu, ndinafunsa, anandiuza kuti ndaponda Thyolo. Ndinakhala pansi pomwepa."

"Kuno ndi kumchira. Thyolo ndi phiri. Munthu wamkulu ngati inu osaona phiri?"

"Ndinanena phiri ine? Unandimva ndikutchula phiri?"

"Nanga munatchula mtsinje?"

Anakangana ataimirira, misozi ikutsika onse awiri, manja atagwirana osafuna kusiyana. Anthu ochapa anasiya zochapa, ana anatuluka m'madzi, wina anathamangira kumudzi akukuwa kuti a Mwamuonako amuona. Zinadziwika kuti atsibweni ndi akazi awo anadzera njira ya ku Mulanje, nkulowa m'dziko muno chakum'mawa, pamene ife tinalowera kummwera. Atsibweni ankaganiza kuti aliyense wolowa mu Thyolo amadzera padooko limenelo, ngati khomo la nyumba.

Mkangano uli mkati atsibweni anaima, nayang'ana uku ndi uku. "Nanga mwana uja ali kuti?"

Ine ndinali chiimire patsogolo pawo penipeni, wamtali ngati iwo omwe. Mayi anati, "Ndi chimtsikana ichi. Chikufuna kukwatiwa, ndicho tadzera." Atsibweni anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Zaka zonsezo ankafunsa za khanda, ndipo mwina anthu ena otidziwa anadutsapo padooko nkuyankha kuti ayi, sitinamuone. Analowa m'nyumba, natuluka ndi kachingwe ka mikanda yoyera kamene anandisungira kuti adzandimange m'chiuno. Anakayesa m'maso, anaseka, nandimanga padzanja, ndipo ngakhale pamenepo kanali kothina. Ndi apo ndinalira ine.

Tinabwerera atatu, atsibweni atavala jekete lobwereka. Njira yonse ankadodoma ngati mayi aja, kumafunsa kuti kunonso ndi ku Thyolo? Ataona minda ya tiyi anati azungu ndi anthu odabwitsa, kulima masamba osadyeka ndi kuwasesera pansi. A Chikopa anabwera, anakhala pamphasa yomwe ija, nafunsa funso lomwe lija, kuti mwini mbumba ali kuti. Mayi anayankha mokweza kuti mudzi wonse umve, "Ndinakuuzani kuti ali m'njira." Akuluakulu awiriwo anamvana msanga, ndipo mvula yoyamba inagwa agogo anu akufolera kale nyumba yathu kuseri kwa ya mayi. Paukwati wathu Amang'anja anadya kalongonda poyera, osabisala.

Mukuganiza kuti pambuyo pake anakhala pamodzi? Simukuwadziwa anthu a mtundu wanu. Mayi anati sangasiye Thyolo weniweni nkukakhala kumchira. Atsibweni anati sangasiye Thyolo weniweni nkukakhala kwa anyani. Aliyense anatsala kwake, nkumayenderana chilimwe chilichonse, ndipo akakumana mkangano unkayambira pomwe unalekera. Koma chinthu chimodzi chinasintha. M'banja mwathu munalowa lamulo lakuti posiyana sutchula dziko, umatchula poima. Umati pamkuyu wa pamphambano, kapena pamwala wa padooko, ndipo winayo abwereze.

Patapita zaka, ine ndili kale ndi ana, uthenga unabwera kuti atsibweni adwala kwambiri. Tinapita ndi mayi. Tinawapeza atagona pakhonde masana, poti ankafuna kumaona dooko lawo. Anali ataonda, koma nzeru zili zonse. Anagwira dzanja la mayi nati, "Nampewa, ulendo uno ndatsogola ndine. Usalire. Tikapezana kumwamba."

Mayi anapukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu. "Mwayambanso, achimwene. Kumwamba nkwakukulu kuposa Thyolo. Tchulani poima."

Anthu amene anali pamenepo sanadziwe kuti aseke kapena alire. Atsibweni anatseka maso, anaganiza ndithu ngati munthu woyeza malo. Kenaka anati, "Pachipata. Chakumanja polowa."

"Pachipata, chakumanja polowa," anabwereza mayi. "Musalowe mkati."

"Ndinakudikira pamtsinje mpaka imvi. Pachipata pokha ndingatope?"

Mayi anakhala zaka zina zingapo, anaona adzukulu, anakangana ndi aliyense. Tsiku lawo litafika sanaope konse. Abusa ankawapempherera pemphero lalitali, iwo anatsegula diso limodzi nati, "Fupikitsani, abusa. Kuli munthu waima panja."

Eya, nandolo watha, ndipo theka mwadya wosaphika, ndakuonani. Tsono Fane, mlongo wako uyu ali apa. Mawa iwe ukwera basi ya m'mawa, iye abwera masana. Muyang'ane kumaso, umuuze bwinobwino. Ku Limbe pati?